Mpando Umene Yadollah Anaukana

Yadollah anali mmisiri wosula mkuwa mumsika wa Isfahan, munthu wa miphika ndi mabeseni, mpaka Ajeremani atabwera ndi kandege kawo. Kanali kachitsulo kokhakokha, kopanda nsalu kapena thabwa, thupi lamizeremizere ngati malata, m'kati mipando inayi basi. Kakamenyedwa ndi miyala potera, ankaitana iyeyo kudzakawongola ndi kanyundo kake. Zaka zitatu akukasisita kandegeko, osakwera ngakhale kamodzi.

"Iwe ndiwe mkamwini wa ndege ija," ankamuseka Nosrat, mnzake wogulitsa tiyi. "Kulima uzilima ndiwe, kudya azidya ena."

Mu 1930 kunabwera telegalamu yochokera ku Bushehr. Mwana wake mmodzi yekhayo, Golbahar, amene anakwatiwa kumeneko, anali atadwala kwambiri atangobereka, ndipo ankaitana bambo ake. Pa bulu unali ulendo wa masabata atatu. Pa ndege, tsiku limodzi.

M'mawa mwake Yadollah analawirira kubwalo la ndege. Lothar, woyendetsa kandegeko, atamva nkhaniyi sanachedwe.

"Mpando umodzi ulibe munthu. Kwerani amisiri, ulere."

Tsono kwathu kuno ku Isfahan munthu woleredwa bwino salandira chinthu pakamodzi. Umakana, akukakamize, ukanenso, kachitatu ndiye ulandire. Yadollah, mtima uli kale ku Bushehr, anaika dzanja pachifuwa n'kuwerama.

"Ayi bwana, ndine yani ine? Ndisakuvutitseni."

Anadikira kuti amuuze kachiwiri. Koma Mjeremani, abale inu! Kwawo ayi ndi ayi. Anangoti "Chabwino," n'kumugwira paphewa, n'kutseka chitseko. Nthawi yofuula inalipo, injini inali isanalire n'komwe. Koma pamalopo panali amalonda olemekezeka akuyang'ana, ndipo anachita nawo manyazi. Paja amati manyazi anapha lambe. Kandegeko kananyamuka ndi mpando wopanda munthu, iye n'kupita kukasaka bulu.

Anafika tsiku la khumi ndi chisanu ndi chinayi, n'kupeza maliro ataikidwa kale.

Anakhala ndi moyo zaka zina makumi awiri, koma kubwalo la ndege sanapondekonso. Mjeremani uja sanamunenepo choipa, ankadzida yekha. Anasanduka munthu wolandira tiyi pakamodzi, ndipo mumsika ankamunena kuti nkhalamba ija ilibe mwambo.

Tsiku lina Nosrat anamufunsa, "Amwene, kodi ulemu wako uja unaugulitsa kwa yani?"

Yadollah anaika nyundo pansi n'kumuuza zimene anamva kwa apongozi a Golbahar. Madzulo a tsiku limene anakana mpando lija kandegeko kanadutsa pamwamba pa nyumba yawo. Golbahar atamva kulira kwake anayesetsa kudzuka n'kukhala tsonga pamphasa.

"Ndipeseni tsitsi, amayi," anatero. "Bambo afika, asandipeze chonchi."