Azakhali Akuti Sanasochere

Azakhali anga a Marnie Tolliver anathyokapo phewa, nthiti ndiye osanena, ndipo chala chawo chamkombaphala chinapindika moti akamakulozera kukhola umayang'ana kudambo. Mabala onsewa amawatchula monyadira, ngati mmene anzawo amatchulira adzukulu. Bala limene satchula ndi la m'mutu.

Ndinabwerako ku Osaka mitengo itangoyamba kuphuka, ndikuti ndipumeko pafamu pawo ndisanaone kolowera. Ndinali nditazolowera sitima yofika pa nthawi yake, ndi kachipinda koti ukatseka wachoka, osasiya chopuma chilichonse m'mbuyo. Kuno kumapiri a Virginia palibe chimene ungatseke n'kuchoka. Hatchi imadya m'mawa, imadya madzulo, Lamulungu ndi Khirisimasi yomwe, ndipo tsiku limene yakana kudya ndiye kuti iwenso sudya. Azakhali anabadwira pafamu pomwepo. Nyanja sanaionepo, chonsecho munthu atanyamuka m'mawa, nkhomaliro akhoza kukadya akuyang'ana mafunde.

Ntchito yawo kuyambira utsikana ndi imodzi. Amatenga mahatchi olephera ku mpikisano wa liwiro, oonda, amanjenje, odziwa kuthamanga mozungulira basi, n'kuwaphunzitsa ntchito zitatu za masewera athu: kuyenda mwaulemu m'bwalo la mchenga, kudutsa m'thengo akulumpha zipika, ngalande ndi madzi, ndiponso kulumpha mitengo yopaka utoto osaigwetsa. Hatchi ikakhwima, pamabwera galimoto yonyezimira kuchokera ku Washington, mtsikana n'kuikumbatira m'khosi, bambo ake n'kugwirana chanza ndi azakhali. Iwo amalowa m'khola lopanda kanthu, kulisesa, n'kuyambanso ndi ina.

Mwa mahatchi onsewa, Deacon yekha ndiye sanapite, chifukwa tsiku loti agulidwe analuma wogulayo pathako. Ndi wamtali, wofiirira, makutu ngati a bulu. Atangobwera ankaopa ngakhale chithaphwi. Azakhali anaima naye m'mphepete mwa kangalande masana onse, osamumenya, osamunyengerera, akudya sangweji ali pachishalo, mpaka mwiniwake anatopa n'kuoloka. Pambuyo pake anamuphunzitsa chimene amanyadira kuposa zonse, kudzifunira yekha mbendera. Chopinga chilichonse m'thengo chimakhala ndi mbendera yofiira kumanja, yoyera kumanzere, ndiye azakhali anazibzala paliponse: pachipata, pamlatho, mpaka pamulu wa manyowa. Lero Deacon akangoona chofiira ndi choyera zayandikana, makutu njo, ndipo kumubweza ndi nkhondo. Anafunapo kulumpha bokosi la makalata la aneba, loyera, la kambendera kofiira.

Chaka chatha kahatchi kena kosaphunzira kanawagwetsera azakhali pamwala, chisoti n'kung'ambika pakati. Anadzuka, anadzisasa, anakweranso. Koma kuchokera pamenepo makiyi a galimoto amapezeka mufiriji, ndipo pa mpikisano wa kumapeto kwa chaka anangoima pakati pa munda, Deacon akuzungulira, iwo akuyang'ana uku ndi uku ngati mlendo padepoti. Njira inali itawachoka m'mutu.

Amuna awo, ankolo Royce, ntchito yawo ndi yokhoma zitsulo kuziboda za mahatchi, ndipo msana wawo unapindika kale ngati chikwakwa. Iwo ndiwo anandiuza za pangano nditangofika, tikumwa khofi kukhitchini.

"Tinagwirana chanza ngati ogulitsana hatchi," anatero. "Akangosocheranso kamodzi, watsika pahatchi, basi. Deacon apita kwa Kinsey, ife titenge mbedza tizikawedza kwa mkulu wanga kunyanja."

Kinsey ndi mtsikana wa tsidya la mtsinje, wokwera bwino, amene wakhala akumusirira Deacon kuyambira kale.

"Iwe ndi mbedza?" azakhali anayankhira kusinki. "Ungakole khutu lako lomwe."

"Bola khutu, mayi. Khosi silimeranso."

"Nanga khutu limamera?"

"Ndili nawo awiri."

"Waona, wa ku Japan iwe?" azakhali ananditembenukira. "Ndinakwatiwa ndi nkhalamba yofuna kundikhazika pampando wa ndalema mano ndikadali nawo. Vala nsapato zamphira izo, makola sadzisesa okha."

Ndinasesa. Sabata inasanduka mwezi. M'mawa uliwonse azakhali ankakwera phiri ndi Deacon kuti chifuwa chake chilimbe, akabwerako n'kumupapasa miyendo ngati namwino, kufunafuna pamene pangatenthe. Zithunzi za anzanga a ku Osaka ndinkaziona nditakwera pamwamba pa mitolo ya udzu, pokhapo pamene foni imagwira. Tsiku lina ndinawafunsa ngati sanalakelakepo kuchoka, ngakhale chaka chimodzi chokha. Anandiyang'ana ngati ndawafunsa zosanduka bakha.

"Kuchoka, n'kusiyira ndani?"

Mpikisano unali Loweruka, kufamu ina kuseri kwa phiri. Lachisanu masana tinakayenda njira ya m'thengo ndi miyendo monga amachitira aliyense, poti hatchi siloledwa kuiona isanaithamange. Magulu onse amathamanga m'minda yomweyomweyo, chosiyanitsa ndi utoto wa timatabwa ta manambala. Azakhali anali m'gulu la timatabwa takuda. Tobiriwira ndi ta gulu lalikulu, zopinga zake zazitali ndi zotambalala, gulu limene iwo analisiya kalekale ndipo Deacon sanalilawepo.

Malo ovuta anali amodzi. Ukatsika chitunda umafika pamtengo waukulu wa thundu. Njira yakuda imakhotera kumanzere, kuseri kwa mtengowo, kukapeza kachipika kobisika kenako dziwe. Koma ukangolunjika, maso ako amagwera pa chitebulo chamatabwa cha gulu lobiriwira, chotambalala ngati denga la galimoto, dzenje lili patsogolo pake, mbendera zake zikupepeluka poyera.

Azakhali anaima pamenepo nthawi yaitali. "Thundu, kumanzere," ankatero chapansipansi. Anakwera chitunda, anatsika, anakweranso, mpaka ankolo anakakhala pachitsa n'kuyamba kuodzera. M'mawa wa Loweruka anakayendanso mame asanaume. Atabwerako anandipeza ndikuluka manyenje a Deacon, n'kuyandikira ngati akufuna kuona luko.

"Pamtengo paja," ananong'ona, "paja tinati kuti?"

"Kumanzere, azakhali."

"Ndimakuyesa chabe."

Koma sanaseke.

M'bwalo la mchenga zinayenda bwino, Deacon anavina ngati mkwati. Masana ankolo anandikokera kuchingwe cha oonerera, pafupi ndi thundu lija.

"Lamulo ukulidziwa," anatero. "Wokwera akangonyamuka, palibe womuuza kanthu. Ukakuwa, kaya kungoloza ndi chala, amuchotsa. Ku Japan anakuphunzitsa kutseka pakamwa, eti?"

"Ndinabadwira kuno, ankolo."

"Vuto lake n'lomwelo."

Tsidya la chingwe kunali mayi Aldine Fitch, jaji wa pamalopo, atakhala pampando wopinda, wailesi yam'manja ili pamiyendo. Akhala akuweruza zopinga kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo ndi iwo amene anaimba limba paukwati wa azakhali.

"Royce, msana uli bwanji?"

"Ndausiya m'galimoto, Aldine, ukupuma."

Chimkuzamawu chinalengeza kuti Marnie Tolliver ndi Deacon anyamuka. Ankolo anazula udzu n'kuyamba kuutafuna. Chipika choyamba, adutsa. Ngalande, adutsa. Mpanda wa m'nkhalango, adutsa. Kenako nthaka inayamba kugunda, gudu gudu gudu, ndipo anatulukira pamwamba pa chitunda, azakhali atadzuka pang'ono pachishalo, malaya awo achikasu akukupiza mphepo. Kunena zoona, anali okongola. Ndinaiwala zaka zawo.

Kutsika anatsika bwino. Koma pamalo pamene wokwera amakhala pansi n'kukoka chingwe chakumanzere, manja awo sanachite kanthu. Nkhope ndinaiona bwinobwino: maso akuyendayenda, kukamwa kuli yasa. Deacon anadikira kuti auzidwe, sanamve kanthu, ndiye anachita zimene anaphunzitsidwa. Makutu analoza chitebulo chija, liwiro n'kuwonjezeka.

Ine ndinaluma lilime. Pambali panga panaphulika mawu ngati a nkhunzi.

"Marnie! Kumanzere! Kumanzere, mkazi iwe!"

Mutu unatembenuka, chingwe chinakokedwa, Deacon anakhota dothi likuuluka, phewa lake litatsala pang'ono kusenda khungwa la thundu. Kachipika, dziwe, madzi phwaa, n'kutulukira tsidya. Anthu ena anaomba m'manja. Mayi Fitch sanaombe. Anawayang'ana ankolo kudzera pamwamba pa magalasi.

"Royce."

"Ndimaitana galu, Aldine."

"Galu ulibe."

"Wa aneba."

"Dzina lake Marnie?" Mayiwo anausa moyo. "M'bale wanga, chigwa chonse chamva. Ndikanakhala wogontha bwenzi ndakuthandiza." Ananyamula wailesi ija n'kunena zimene anamva.

Azakhali anamaliza njira yonse osalakwitsa pena paliponse, ndipo nkhani yoti awachotsa anaimvera pamzere womalizira, akumwetulirabe. Tinawapeza pangolo ya mahatchi akumuthira Deacon madzi a ayezi, nthunzi ikutuluka m'thupi mwake. Sanatembenuke.

"Wandichotsetsa."

"Umapita patebulo."

"Ndimatenga malo! Hatchi yaitali chonchi suikhotetsa ngati wilibala. Umayamba wapita kunja, kenako n'kulowa. Moyo wako wonse wathera pansi pa mahatchi, za pamwamba ungadziwe chiyani?"

"Manja ako anali akufa, Marnie. Ndinawaona."

"Pangano linali lotani? Nena, mwanayu amve. Ndikasochera. Ndasochera? Majaji anena kuti chiyani? Sananene kuti Marnie wasochera. Anena kuti mwamuna wake ali ndi pakamwa."

"Ukanapita pachinthu chija, bwenzi pano tikukamba zina."

"Ukanakhala chete, bwenzi tikudziwa."

Mawuwo anali oona, ndipo ndikhulupirira tonse atatu tinaona pamodzi pamene atifikitsa. Kuti pangano lija ligwire ntchito, ankolo anayenera kuima pachingwe manja ali m'thumba, n'kumaonerera mkazi wawo akupita padzenje. Munthu amene angathe zimenezo sakanapempha panganolo poyamba pomwe.

"Funsa wa ku Japanyu," azakhali anatero, mawu atatsika. "Anali pompo."

Sanandiyang'ane ponena zimenezi. Anafinyira siponji pakhosi pa Deacon, madzi akuyenderera m'chigongono.

"Msiye mwana," anatero ankolo. Anawerama, kunyamula mwendo wa Deacon, n'kuyamba kumasula timisomali toletsa kuterera timene timamangidwa kuzitsulo tsiku la mpikisano.

Posakhalitsa Kinsey anatulukira, chisoti chikadali kumutu, akuyenda ngati wolowa pamaliro.

"Pepani a Tolliver, ndamva zimene zachitika. Sikuti ndikufulumira ayi, koma anthu akunena kuti pamtengo paja... Ndiye ndimati nkhani ija ya Deacon..."

"Anthu ake ati?" anafunsa azakhali.

Ankolo anayankha ali chiweramire. "Palibe nkhani, mwanangu. Wolakwa ndine. Ukalamba, pakamwa pamayenda pokha."

Mtsikanayo anamusisita Deacon pamphuno, Deacon n'kufuna kumuluma, iye n'kuchoka. Azakhali anapitiriza kupala madzi pamsana pa hatchi, pamalo pamene panali patauma kale.

Lamulungu palibe anaitchula nkhaniyo. Mahatchi anadya, makola anasesedwa. Lolemba m'mawa azakhali analengeza, akupaka batala pabuledi, kuti alembetsa mpikisano wina ku Maryland mwezi wamawa, ndipo Deacon akufunika zitsulo zatsopano.

"Iwe sukuchoka msanga, eti?" anandifunsa. "Ndikufuna miyendo yachitsikana yoyenda nayo njira. Nkhalambayi imangogona pazitsa."

Dzulo lake ndinali pamwamba pa udzu paja ndikuyang'ana maulendo a ndege. Ndinati ndilipo.

Masana ndinawagwirira Deacon ankolo akukhoma. Chitsulo chotentha chinakhudza chiboda, utsi wonunkha ngati tsitsi lopsa n'kudzaza m'khola. Pabwalo tinkamva azakhali akukalipira kahatchi katsopano kamene kamaopa thumba la pulasitiki.

"Ku Maryland ndinapitako," anatero ankolo, akusankha misomali m'bokosi. "Njira zake n'zopiringizana kuposa za kuno. Mphambano paliponse."

"Ndiye mudzatani?"

"Ndidzaima pachingwe. Nanga n'kukhala kuti?"

"Mudzakuwanso?"

Anaika misomali pakamwa, anapana chiboda pakati pa mawondo, n'kuyamba kukhoma.