Paipi ya Eriyo Pansi pa Minibasi

Chimphepo chitapinda paipi ya eriyo yathu ku Kanyama, ndinauza amuna anga kuti apite nayo kwa owotcherera. Anakana, poti iwo amadziwa zonse. Anaigoneka pamsewu, n'kuimitsa minibasi yodzaza anthu.

"Ba dalaivala, pondaniko apa popindika, iwongoke!"

Dalaivalayo sanafunse n'komwe. Tayala litangoponda, mbali ina ya paipi inadzuka ngati yamoyo, n'kumenya galasi lakutsogolo, phwaa! Ine kukamwa kunangoti yasa, manja ali kumutu. Azimayi m'basimo ankakuwa, kondakitala akutukwana, magalasi ali mbwee m'matope.

Amuna anga anatola paipi ija, natsinzina diso limodzi, n'kuiyang'anitsitsa kuyambira kunsonga. Kenaka ananditembenukira, opanda ndi manyazi omwe.

"Mwaona, amake mwana? Yawongoka."