Diso la Siliva la Lusiya Woyera

Mkulu wosunga makiyi a katchalitchi kathu kuno ku Sirakusa watopa nako kuwongolera anthu. Kwa zaka makumi anayi wakhala akupukuta chifanizo cha Lusiya Woyera, chonyamula mbale ya maso awiri a siliva, ndipo aliyense wodzagwada amamuuza mawu amodzimodzi: "Zolembedwa zakale zimati anamubaya pakhosi. Zomukolowola masozi anthu anachita kuwonjezera."

Chimene sanena n'chakuti maso ake omwe ayamba kuchita mdima, ndipo Bambo Mfumu akadziwa amulanda makiyiwo.

Lachiwiri lina diso limodzi linagwa m'mbale. Mkuluyu anakwawa akupapasa pansi ponse, chonsecho disolo linkanyezimira pafupi ndi bondo lake. Mayi Nunzia, mkhristu wa pa tchalitchipo amene wakhala akutsutsana nawo pa nkhani ya masoyi chiyambire, analitola n'kumufumbatitsa.

"Achimwene, osangomupempha mwini masoyu bwanji?"

"Za maso sazidziwa ameneyu," anayankha motopa. "Koma inu musakanene."

"Ndikanene chiyani? Sindinaone kanthu ine."

Kuyambira tsiku limenelo mayiwo amalawirira kutchalitchi, ati kudzapemphera. Mkuluyu amawawongolerabe monga kale, iwo n'kumangovomera, maso ali pa mbale ija.