Batire la a Lameck

A Lameck ndinakumana nawo koyamba panjira ya ku Mauwa, chaka chimene nandolo anabereka mpaka kuthyola nthambi. Ndinawapeza atanyonyomala pambali pa njinga yawo yakapalasa, imene anaimangirira kainjini ka petulo. M'manja anali ndi babu lopserera.

"Lachitatu limeneli, achimwene," anatero ngati tinkadziwana kale. "Ndikayenda pang'onopang'ono limangophethira. Ndikakoka moto, lapsa."

Anali mlimi ngati tonsefe, ndipo kuwalako sankakufunira msewu ayi. Akazi awo, a Albertina, maso awo ankaleka kuona dzuwa likangolowa. Tsiku lina anagunda koloboyi, chitenje n'kugwira moto, mwendo n'kupsa. Kuyambira pomwepo a Lameck analumbira kuti m'nyumba mwawo simudzayakanso lawi.

M'injinimo munkatuluka kawaya koyera ka magetsi. Mababu aang'ono kankawapsereza. Atayesa babu lalikulu injini inkazima, poti babulo linkalanda moto wa pulagi. Makanika wina anawapatsa kachipangizo kochotsa pa njinga yamoto yakufa, kofatsitsa magetsi kuti azilowa m'batire mwaulemu. Batirelo analimanga pakaliyala ndi malegeni. Akapita kumsika n'kubwerako, linkakhala litadzaza, ndipo madzulo linkayatsa mababu awiri, lina pakhomo, lina pabalaza. Tsiku lopanda malonda ankapitabe mpaka ku Magomero n'kutembenuka chimanjamanja. Osadziwa ankawanena kuti ndi oyendayenda.

Ukalamba utafika, mawondo awo anatupa. Injini yotere silira popanda kuipalasa kaye, ndiye batire linafa. Masiku anayi a Albertina ankayenda chopapasa zipupa, ndipo anayamba kunena zokabwereka koloboyi kwa anansi.

Tsiku lachisanu masana ndinawapeza pabwalo. Njinga anaikweza panjerwa, tayala lakumbuyo lili m'malere. A Lameck anakhala pampando atagwira kilachi ya injini pahandulo, a Albertina atagwada, akupukusa mapedulo ndi manja onse awiri.

"Limbikani, amayi a Rejoice! Mphamvu zosinjira zija munazisiya kuti?"

"Khalani chete inu. Mwamuna wanji wopalasitsa mkazi iye ali chikhalire?"

"Si maso anga amenewa!"

"Inuyo achimwene," a Albertina anandicheukira, "mwabwera kudzaonerera? Gwirani chishalo, njinga ingandigwere."

Ndinagwira. Tayala litathamanga, a Lameck anasiya kilachi. Injini inatsokomola kawiri, n'kulira. Tinaisiya ikulira choncho pabwalo, ife tikusenda nandolo, nkhuku zitathawira kuseri.

Dzuwa litalowa a Lameck anandituma kuti ndinyamule batire ndilowetse. Nditalumikiza, babu la pabalaza linayaka. A Albertina analowa okha osagwira chipupa, natenga mbale zitatu patebulo.