Masipika a Ababa ndi Mphasa Yanga

Ndikukumbukira chingwe chija. Chinali cha khonje, chotsala pomanga katundu wa m'thiraki, ndipo ababa anali atachimanga mfundo zitatu. Tsiku limene analowa nacho m'nyumba mwathu ku Kamwendo ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndili Sitandade 4, ndipo amene anawagwirira nsonga inayo poyeza ndine ndemwe. Ndinkaseka, kuyesa ndi masewera.

Nyumbayo inali ya lendi, kuseri kwa magolosale, ya zipinda ziwiri basi. Kuchipinda kunkagona ababa, amayi ndi mlongo wanga Yohane, amene anali akadayamwa. Pabalaza panali zonse zotsala: makina osokera a amayi pafupi ndi windo, mipando iwiri, kabati ya mbale, ndi mphasa yanga, imene ndinkayala pakati n'kuipinda m'mawa ndisanapite kotunga madzi. Khitchini inali ya panja, yogawana ndi mabanja ena atatu. Koma magetsi analimo, ndipo ababa ankauza mlendo aliyense za magetsiwo ngati kuti mawaya anakoka okha.

Ababa ankayendetsa thiraki, kuchoka ku Lilongwe kupita ku Lusaka, kudzera paboda pathu pompano. Sankamwa mowa, sanamenyepo amayi, Lamulungu akakhala pakhomo sankajomba kutchalitchi. Ndanena dala zimenezi kuti musaganize kuti anali chilombo. Matenda awo anali amodzi okha, khutu. Wailesi ikamalira mosasa mawu pagolosale, iwo ankawoloka msewu. Kutchalitchi ankakhala benchi yakumbuyo kwenikweni, ati kutsogolo zimkuzamawu zikuipha kwaya. Anthu ankawaseka, iwo osalabadira n'komwe.

Ku Lusaka kunali bwana wina wa kumene ankatula katundu, amene ankasamuka ndipo ankagulitsa za m'nyumba mwake. Anali ndi masipika a mitundu iwiri, ang'onoang'ono okhazika pashelefu ndi akuluakulu oima pansi. Bwanayo anawakhazika ababa pampando, nawamvetsa mitundu yonse iwiri, kenako anawauza chilungamo. Akuluwo safuna kupanikizidwa. Ali ndi bowo kumbuyo lopumira, ndiye ukawagunditsa kukhoma amangoti gu gu gu ngati mgolo wopanda madzi. Ayenera kutalikira khoma lakumbuyo, atalikirenso makoma a m'mbali, ndipo womvera akhale patsogolo pawo chapakati, mtunda wofanana kuchoka ku sipika iliyonse. Ababa analibe pepala, choncho miyeso yonseyo anaimanga pachingwe. Mfundo yoyamba inali ya khoma lakumbuyo, yachiwiri ya khoma la m'mbali, yachitatu ya mpando.

Tsiku loyeza lija linali Loweruka masana, amayi akusoka yunifolomu ya mwana wa eni nyumba. Anasiya kupalasa makina n'kuyang'ana ababa akukwawa pasimenti, ine nditagwira chingwe kukhoma.

“Bambo a Esinati, tengani ang'onowo,” anatero amayi. “Akuluwo nyumba yake ndi iti?”

“Ang'onowo alibe chifuwa, aNaphiri. Inu simunawamve.”

“Nanga mwanayu azigona pati?”

“Agona pomwepa. Mwana safuna bwalo la mpira.”

Amayi anayambanso kupalasa makina, mwamphamvu kuposa kale. Ndinkawadziwa, akakwiya ankalankhulira m'mapazi.

Patatha masabata awiri masipika anafika, atakulungidwa m'mabulangete, atakhala kutsogolo kwa thiraki pampando wa munthu. Anthu a pamalopo anasonkhana ngati kwabwera mkwatibwi. Anali a matabwa ofiirira, osalala, onunkhira polishi, ndipo nditaima pafupi ankandifika m'chibwano. Ababa anayezanso ndi chingwe chawo, najambula pasimenti ndi penti yoyera pamene sipika iliyonse iyenera kuima. Kabati ya mbale inatuluka kukakhala pakhonde, itafundidwa pulasitiki. Mpando umodzi unapita kwa aneba. Mawaya onenepa ngati chala anadutsa pansi kuchoka ku ampulifaya, bokosi lopatsa masipikawo mphamvu, ndipo lamulo linaperekedwa kuti wowaponda adzaona.

Sabata imodzi ndinagona pakati pa masipikawo, nditapinda miyendo. Koma ine kuyambira kale ndimagona moipa, ndimagona mutu kuno n'kudzuka mutu uko. M'mawa wina ndinadzuka phazi langa litakola waya, sipika ya kumanzere itasuntha pa penti yake, kachitsulo kogwira wayayo kumbuyo katathyoka. Ababa atatuluka kuchipinda anaona. Sanandimenye. Bola akanandimenya, bwenzi zitathera pomwepo. Anangogwada, natola kachitsuloko, nakayang'ana nthawi yaitali, kenako anasisita sipikayo ndi chikhato. Ine sanandiyang'ane.

Lamulungu titabwera kutchalitchi anati pabalaza pachepa, chinthu chimodzi chiyenera kuchoka. Masipika sanawatchule n'komwe. Zotsala zinali ziwiri, makina a amayi kapena mphasa yanga. Makinawo ndi amene ankatidyetsa thiraki ikatsekeredwa paboda masabata angapo. Amayi anayang'ana makina, nayang'ana ine, nayang'ana pansi. Pamenepo ababa anakumbukira kuti mlongo wawo, azakhali aNabanda a ku Mavwere, akhala akupempha kamtsikana kowathandiza. Anati ndi teremu imodzi yokha, mpaka tipeze nyumba yokulirapo.

Mukudziwa inunso mmene zimakhalira kwathu kuno. Mwana kukakhala kwa azakhali ake si nkhani. Palibe amene amafunsa chifukwa, amangoti akaphunzire ntchito, akadziwe abale. Chinthu chimenecho n'chimene chimandiwawa mpaka lero, kuti zinali zosavuta. Palibe analira poyera, palibe anakangana. Amayi anandisokera diresi yatsopano, anandimangira mtedza wokazinga pakansalu, ndinakwera pakaliyala ya njinga, basi.

Azakhali ndi amuna awo anali matenanti pa esiteti ina ya fodya. Sanali anthu ankhanza, ndisawanamizire. Chimene ankadya ndinkadya, pamene ankagona ana awo ndinkagona. Koma sukulu inali kutali, ndipo nyengo ya fodya ikafika palibe ankakamba za sukulu. Tinkathyola masamba mame asanaume, n'kukakhala m'chigafa kusoka masambawo mpaka msana kuuma. Phula la fodya linkamata m'manja, lakuda, lowawa, losachoka ngakhale utakwecha ndi mchenga. Ukagwira chakudya, chakudyacho chinkawawa. Masiku ena mutu unkazungulira, ndinkasanza kuseri kwa chigafa n'kubwerera pamzere. Sitandade 4 ndinaibwereza kawiri. Teremu imodzi ija inasanduka zaka zinayi.

Chaka choyamba chitatha anandilola kukacheza kwathu pa Khirisimasi. Ndinafika masana, fumbi mpaka m'nsidze. Amayi anagwira manja anga, nawatembenuza, naona zikhadabo zakuda, ndipo anatuluka panja ati akukaona moto. Ababa anasangalala kundiona, zoonadi anasangalala. Anandigwira paphewa n'kunditengera pampando wawo uja, umene ngakhale abusa sankaukhalira.

“Khala apa, Esinati. Tsamira. Tseka maso.”

Ndinatseka. Anaika nyimbo ya rumba ya ku Congo, yoyamba pang'onopang'ono.

Ndikanakonda kukuuzani kuti linali phokoso chabe, kuti ndinathamangitsidwa pakhomo chifukwa cha zachabechabe. Koma ndinama. Khoma la kutsogolo linachoka. Gitala inali kumanzere, ndinkamva chala chikutsetsereka pa waya wake. Ng'oma zinali kumbuyo, kutali, ngati zili panja pamene amayi ankayanika zovala. Besi sinkagunda m'makutu, inkabwera pansi, kudzera m'miyendo ya mpando, n'kukhala m'mimba. Kenako mayi wina anayamba kuimba. Mawu ake sanachokere ku sipika ya kumanja kapena ya kumanzere. Anaima pakati, munthu wathunthu, ndinkamumva akukoka mpweya asanayambe mzere. Ndinatsegula maso kuti ndimuone. Panalibe munthu, panali simenti yokha yopukutidwa bwino, pamalo penipeni pamene ndinkayala mphasa yanga.

Ndinalira. Ababa anaomba m'manja kamodzi, naitana amayi.

“Mwaona, aNaphiri? Mwanayu ali ndi khutu langa.”

Anaganiza kuti ndikulira chifukwa cha kukoma kwa nyimbo. Choipa kwambiri n'chakuti mbali ina sanalakwe. Tchuthi chonsecho ndinkagona kwa aneba, pamodzi ndi atsikana awo, ndipo chitatha ndinakweranso njinga ija.

Ndinabwerera kwathu makolo anga atasamukira ku Boma, m'nyumba ya zipinda zitatu, amayi atanenetsa kuti akapanda kunditenga iwo anyamula makina awo n'kupita kwawo. M'kalasi ndinali wamkulu kuposa onse, anzanga ankanditchula kuti anti. Ndinapirira, ndinamaliza, lero ndimaphunzitsa ana a anthu. Masipika aja anapsa ndi mphenzi chaka chimene ndinalemba mayeso a Fomu 2. Ababa anakana kuwataya. Anakhala pakona zaka zambiri, amayi atayalapo tinsalu toluka, mpaka makoswe anaswerana m'mabowo opumira aja.

Amayi anatisiya kalekale. Ababa akalamba, ndipo injini za mathiraki zinawadya makutu, moti kuti akumve uyenera kukuwa ngati ukuitana munthu wa kutsidya kwa dambo. Amakhala kwa ine, m'kachipinda ka kumbuyo. Za ku Mavwere sanazitchulepo ngakhale kamodzi. Sikuti amabisa ayi, kwa iwo palibe chimene chinachitika.

Khutu lija ndinalitengadi. Wailesi ya m'minibasi ikamasasa ndimatsika mutu ukuwawa. Chaka chatha ndinati nanenso ndidzipatse kanthu, ndinapita ku Lilongwe kusitolo ina yogulitsa masipika abwino. Mayi wogulitsa anandikhazika pampando, nandimvetsa ang'ono, nandimvetsa akulu. Akuluwo atayamba ndinagwira mpando, chifukwa mayi woimba uja, kapena wina wonga iye, anaimanso pakati. Wogulitsayo anafunsa kukula kwa chipinda, nandilembera papepala miyeso itatu. Ndinaiyang'ana n'kuseka ndekha. Zaka zonsezi, nkhani ikadali ya khoma lakumbuyo, khoma la m'mbali ndi mpando.

Pabalaza panga sipangatheke, pali TV ya ana ndi zitseko zitatu. Chipinda chokhacho choyenera, chabata, cha makoma olimba, ndi cha ababa. Ndinalowamo masana ena ndi tepi yoyezera, iwo atakhala pabedi. Ndinayeza kuchoka kukhoma lakumbuyo. Ndinayeza kuchoka m'mbali. Sipika ya kumanzere inagwera pamene pali bedi, ndendende pa pilo. Ndinaima pamenepo tepi ili m'manja, ndipo ndikuuzeni zoona, maganizo anabwera. Ana a azakhali akadali ku Mavwere, ali ndi nyumba ya malata, akanawalandira amalume awo. Nkhalamba kukakhala kumudzi si nkhani. Palibe akanafunsa chifukwa, bwenzi akungoti akapume mpweya wabwino.

Ababa ankandiyang'ana. Anaona tepi, anaona pepala, nkhope yawo inawala ngati ya mnyamata. Anakweza miyendo kuti tepi idutse bwino, nalankhula mokweza monga amachitira osamva.

“Utenge akuluwo, Esinati. Ang'ono alibe chifuwa.”

“Nanga inu muzigona pati?” ndinafunsa.

“Wati chiyani?”

Ndinapinda tepi yanga n'kutuluka.

Ndinagula ang'onowo. Ali pashelefu m'chipinda chomwecho, moyang'anana ndi bedi, atagunda kukhoma kumene sayenera kugunda, chifukwa malo ena palibe. Mpando wanga uli pambali, pafupi ndi chitseko. Ababa ananena zoona, alibe chifuwa. Besi imathera pakhosi, oimba onse amaunjikana pamodzi, ndipo palibe amene amaima pakati. Nthawi iliyonse ndikayatsa ndimamva chimene chikusowa.

Ana anga sazimvetsa zimenezi. Iwo nyimbo zawo zili m'foni, amatseka makutu ndi timahedifoni, aliyense ndi zake, ndipo zimamveka ngati udzudzu. Ndimawanyoza, koma mumtima ndimadziwa kuti nyimbo zawozo sizinalandepo munthu malo ogona. Amayi a kutchalitchi amanditama, ati Esinati ndi mwana wabwino, akusunga bambo ake. Ndimangoti zikomo. Sakudziwa kuti si chifundo chokha. Ndimafuna ababa azidzuka tsiku lililonse n'kuona masipika ang'ono pashelefu, bedi lili pamalo pake, kuti mwina tsiku lina adzazindikire okha kuti zinali zotheka.

Sanazindikire. Loweruka masana ndikakhala pampando wanga kumvera, iwo amakhala pabedi n'kumayang'ana nkhope yanga, popeza nyimbo sakuimva. Kenako amafunsa mokuwa kuti akumveka bwanji. Ndimawayankha ndi mawu anga a masiku onse, osakweza.

“Akumveka moperewera, ababa. Koma bedi lanu lakwana.”

Amagwedeza mutu n'kumwetulira.