Masamba a Maliro Abambo Ali Moyo

Amuna anga maso adafa kale ndi ng'ala, koma ndodo yawo imaona, eee, imaona! M'mawa uliwonse ankatuluka okha, go, go, go, ndodo paphula, phazi pamchenga, mpaka kwa anzawo a bawo kupitirira chigayo.

Ndiye anabwera a zamisewu. Anati Karonga wakula, malole ochokera ku boda achuluka, anthu akugundidwa. Zinali zoona, ine ndinalulutira. Anakuza msewu, anakumba ngalande, anayala kanjira ka oyenda pansi tsidya lake. Mahampu anati adzaika pomaliza.

Koma pamene phula lakale linakumana ndi latsopano panatsala kamzere kotukuka, ngati msoko wa thumba la mpunga. Phula latsopanolo analithira mchenga. Mwaona? Ndodo ikuti apa ndi m'mphepete, phazi likuvomera, chonsecho ndi pakati pa njira ya malole.

Ndinawaletsa. "Bambo, muzindidikira ndizikuperekezani."

"Mayi, msewu uwu ndinayamba kuuyenda inu muli kumsana kwa amayi anu."

Tsiku lina ndinkapeta mpunga kuseri. Mayi wogulitsa mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, woyandikana nafe, anakuwa: "Amama! Asekuru ali pakati pa msewu!"

Lichero pansi. Ndinawaona uko, akutsata msoko uja mwamtendere, a kabaza akuwazemba uku ndi uku. Kuwakuwira ndinaopa, akanadzidzimuka n'kupatukira komwe kuli imfa. Kuwathamangira, mawondo angawa adapuma pantchito. Pocheukira kumpoto, Chiuta wane, lole ya mafuta, ikubwera kumbuyo kwawo, msewu wosalala utamukomera dalaivala. Inayenera kudutsa pakhomo panga kaye, kenako pa iwo.

Ndinalumphira mtengo wa mango wa pakhomo. Thyo, thyo, nthambi zamasamba aawisi, kuziponya pamsewu. Kwathu kuno masamba pamsewu ndi maliro. Wapanjinga amatsika, wachipewa amavula, dalaivala ngakhale wa ku Tanzania amachotsa phazi pamoto. Koma uyu awaona? Ndinaima pamasambapo, manja kumutu.

Inabwera. Inabwerabe. Nthaka inanjenjemera m'mapazi mwangamu. Ndinatsinzina.

Tsiiii! Mpweya wotentha unandiwomba kumaso. Lole inandizemba n'kuyamba kukwawa ngati nkhono, dalaivala chipewa chili pachifuwa. Mayi wa mbalagha, amene miyendo yake ikadali yamoyo, anali atafika kale, n'kuwakokera abambo pambali. Matayala anaponda pamsoko penipeni pomwe anali.

Ine ndinangokhala pansi. Masamba ndinawaiwala pamsewu.

Posakhalitsa tinamva kulira kukubwera. Amayi a kutchalitchi, zitenje m'chiuno. Patsogolo mlamu wanga, mlongo wa abambo, akudzigwetsa. Analowa m'bwalo n'kupeza malemuwo ali pampando, akumwa madzi.

Kulira kunaduka ngati ulusi.

"Mlamu, mwalaula!" anatero. "Masamba munthu ali moyo? Mukumuitanira imfa mlongo wanga?"

"Imfayo ndaithamangitsa, mlamu. Inali ndi matayala ambirimbiri."

Abambo anatula kapu. "Ndiye ndafa osandiuza? Nanga mayi, nyimbo mwandiimbira iti?"

Ena anaseka, mlamu ayi. Anati mwambo ndi mwambo, mawa anthu adzaona masamba n'kumati ndi agogo aja akuimitsa malole, maliro enieni adzasowa ulemu. Apo sananame. Akubanja anandigamula nkhuku yopepesera. Ndinapereka tambala wanga wofiira ndikuvina, ndikuimba, tengani tambala, mwandisiyira mwini khola!

Mahampu anabwera ndithu, koma anakawaika kuchigayo, kwathu ayi. Msoko ulipobe.

Tsono m'mawa timatuluka awiri. Ndimawaolotsa pakamlatho ka ngalande, ndikuimba kutsogolo, iwo akutsata mawu. Ndodo ikuphunzira simenti ya kanjira katsopano, ko, ko, ko. Amadandaula kuti ndimaimba mokweza, anthu akutiyang'ana. Ndimati bambo, inu mukuwaona?