Uthenga Woti Ndayamba Kuuluka Usiku

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene tinagulitsa fodya wathu woyamba wa nthawi ya matipate. Aliyense pa Mitundu ankati zinthu zasintha, ndipo zinasinthadi: pakamwa panamasuka, koma m'thumba munali momwemo mwa kale. Ine ndi mayi anga, aNambewe, tinalima chaka chonse ngati matenanti pa esiteti ina, ndipo mwini wake atachotsera za feteleza ndi chimanga chimene tinkadya, chotsalacho sichikanagula ngakhale chitseko. Bambo anali atatisiya kalekale. Tsiku lomwelo ndinawauza mayi kuti ine ndanyamuka.

"Pita," anatero, "koma usakandibweretsere zachilendo. Ine ndili ndi dzina kutchalitchi."

Sankanama. Mayi ndiwo ankayambitsa nyimbo m'gulu la amayi a mpingo wathu. Chuma chawo chonse chinali bulauzi yoyera ndi duku loyera zimene ankavala Lachinayi, ndipo akazivala ankayenda ngati msewu wonse wa ku Mitundu ndi wawo.

Ananditenga ndi aKamwendo, dalaivala wa thilaki wa pa Nathenje, munthu wa mtima wabwino koma pakamwa ngati wailesi. Ndiwo anakhala mthenga wanga zaka zonsezo. Akamabwerera kumudzi ndinkawapatsira kandalama, shuga, nthawi zina bulangete, pamodzi ndi mawu oti akawauze mayi.

Miyezi yoyamba sindifuna kuikongoletsa. Ndinagona m'galaja ya munthu, ndinalima maluwa a anthu osadziwa ndi dzina langa lomwe, ndipo Lamulungu ndinkangokhala pakhonde kumvera agalu akuuwa. Ndinkasowa munthu wondifunsa kuti ndadzuka bwanji. Kenaka ndinapeza ntchito yotchetcha udzu pa kabwalo ka ndege kunja kwa tauni. Si ndege zikuluzikulu zonyamula anthu ambiri zija ayi, koma ting'onoting'ono ta eni ake: madokotala, alimi, amalonda. Ena ankasonkherana anayi kugula ndege imodzi, monga timachitira ndi ngolo kwathu kuno, ndipo ankakangananso chimodzimodzi, wina akaibweza yopanda mafuta. Nditatchetcha udzu kwa kanthawi anayamba kundipatsa ndege zoti ndizitsuka.

Mwa eni ndegewo munali mzungu wina wokalamba amene ine mumtima ndinkamutcha Chandevu. Ndege yake inali ya mipando inayi, yakale kuposa ine, koma ankaisisita ngati ng'ombe ya mkaka. Chaka china adokotala anamuletsa kuyendetsa chifukwa cha mtima. Anzake anati aigulitse, iye anakana. Tsiku lina ndikupukuta mapiko anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe Malawi, sukulu unalekeza pati?"

"Fomu 3, bwana. Fizi inavuta."

"Ndikakulipirira maphunziro, udzandiyendetsa kulikonse kumene ndifuna?"

Ndinayankha kuti inde, ndisanamvetse n'komwe chimene ndikuvomera.

Tsiku loyamba kukwera ndege ndinasanza. Mphunzitsi wanga anali mayi wa lilime lakuthwa, ndipo anati kunyamuka angathe ndi mbuzi yomwe, nkhani ili pa kutera. Ndinaigwetsa pansi ndege ija kambirimbiri mpaka ndinkaimvera chisoni. Mabuku a nyengo, a mapu ndi a malamulo a mlengalenga anandiwawitsa mutu kuposa masamu a kusekondale. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. M'mawa wina mayi uja anangotsika, natseka chitseko, nati, "Zungulira wekha." Nditakwera m'mwamba n'kuona mpando wake uli wopanda munthu, ndinayamba kuimba nyimbo ya mayi anga ya Lachinayi, misozi ili chuchuchu. Ndinatera bwinobwino ngati dzira.

Zida za m'ndege ndinadzigulira ndekha, ndipo mpaka lero ndimazinyadira. Chachikulu ndi mahedifoni, chifukwa injini imasokosa moti popanda iwo simungamvane ngakhale mutakhala phewa ndi phewa. Amakhala ndi kolankhulira kamene kamafika pamilomo, ndipo ukalankhula aliyense wovala mahedifoni m'ndegemo amamva. M'sitolo munali atsopano onyezimira, amtengo woti ungamangire nyumba. Ndinawayesa, ndinawakonda, n'kuwabwezera pamalo pake, poti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndinagula akale obiriwira kwa dokotala wina, ndipo nsanza za m'makutu zitang'ambika ndinasokerapo kachitenje. Ndinagulanso kathabwa komangirira pantchafu poika mapu, magalasi a dzuwa, ndi tochi ya kuwala kofiira, chifukwa laisensi nditaitenga Chandevu anafuna kuti ndiphunzirenso kuyenda kukada. Kuwala koyera kumathobwa m'maso, kofiira ayi.

Sabata imene ndinamaliza zimenezi aKamwendo anafika. Ndinawatulutsira zonse, ndinawayatsira ndi tochi ija, ndinawapatsira ndalama za malata a nyumba ya mayi.

"Mukawauze kuti mwana wawo akuuluka," ndinatero. "Tsopano ndayamba kuuluka ndi usiku womwe!"

Ine pamenepo mutu unali pa Chingerezi cha pabwalo la ndege. Wa kwathu aliyense akudziwa amene amauluka usiku.

AKamwendo anabweranso patapita miyezi, chipewa chili m'manja, osafuna kukhala pansi. Anati uthenga uja anaufikitsa pamsika wa Mitundu, tsiku la msika, mokweza ndi monyada, kuti mwana wa aNambewe akuuluka usiku ndipo ali ndi kamoto kofiira. Za ndege anatchula ndithu, koma kwathu nazonso mfiti zili ndi ndege zake. Sabata yomweyo malata anakwera padenga la mayi wamasiye amene dzana ankadya chimanga changongole. Anthu anaphatikiza okha. Amayi anzawo analeka kudzapala moto pakhomo pathu. Mkulu wa mpingo, aKachingwe, anawaitanitsa nawauza kuti ayambe asiya kuvala zoyera ndi kudya mgonero, mpaka atachotsa malata okhwimirawo ndi kundikana ine pamaso pa mpingo.

"Ndiye mayi anati chiyani?" ndinafunsa.

"Sanachotse, sanakukaneni. Lachinayi amangokhala pakhonde kumvera anzawo akuimba. Pepani achimwene, pakamwa pangapa."

Ndinakwiya moti ndinalephera kudya. Ndinatumiza chithunzi nditaima pambali pa ndege, yankho linabwera loti mfiti siilephera kujambulitsa. Ndinamufotokozera Chandevu zonse, za mfiti zouluka pa lichero ndi za kamoto komwe. Anaseka mpaka kutsokomola, kenaka ataona nkhope yanga analeka.

"Ku Malawi sindinafikeko," anatero. "Tenga mapu."

Tinayenda modumphadumpha, kutera kuthira mafuta ndi kudinditsa mapasipoti, mpaka pabwalo lalikulu la ku Lilongwe. Chandevu anali atagwirizana ndi mwini esiteti ina ya pakati pa Mitundu ndi Nathenje, amene anali ndi kabwalo ka udzu kuseri kwa zigafa. Ndinatumiza mawu kwa aKamwendo kuti ulendo uno pakamwa pawo pagwire ntchito yabwino: alengeze kuti ndikubwera Loweruka, dzuwa lili paliwombo.

Unali mwezi wa Juni, kumwamba kuli mbee. Nditaona phiri la Bunda kutsogolo, la Nkhoma chakum'mawa, ndinayamba kutsitsa ndege. Ndinazungulira pamwamba pa msika wa Mitundu kawiri, n'kukatera. Ndisanazimitse injini anthu anali atadzaza m'mbali mwa bwalo, ena panjinga, ena atasiya mitolo ya nkhuni panjira. Mayi anaima patsogolo atavala chitenje wamba. Anali ataonda. Ndinagwada kuwapatsa moni, iwo anangondigwira kumutu.

AKachingwe analipo, atavala jekete. Anayang'ana ndege, nayang'ana Chandevu amene ankatsika movutikira, nati mokweza kuti onse amve:

"Tadziwa tsopano. Woyendetsa ndi bwanayu. Mnyamatayu amangonyamula zikwama, zake zija amachita payekha."

Ena anayamba kugwedeza mitu kuvomereza. Magazi anandithamanga, koma ndinadzigwira.

"Abambo, bwanayu atsala pansi pompano. Mipando ilipo. Tiyeni mukaone nokha amene akuyendetsa."

AKachingwe anaima pomwepo. Munthu wa jekete sangathawe pamaso pa gulu, komanso miyendo yawo sinkafuna. Mayi ndiwo anadula nkhani.

"Ine ndikwera," anatero. "Ngati n'zaufiti, aKachingwe akhale mboni. Kwerani abambo, inu simuopa kanthu, ndinu munthu wa pemphero."

Chandevu anakakhala pamthunzi wa chigafa. Mayi ndinawakhazika kutsogolo, aKachingwe kumbuyo, ndinawamanga malamba, ndinawaveka mahedifoni a Chandevu ndi ena apadera, kolankhulira kali pamilomo. Ndinawafotokozera kuti m'menemu tonse timamvana. Mayi anamva. AKachingwe maso anali pa matayala.

Tinanyamuka. Mayi sanakuwe ngakhale pang'ono. Anakanikiza mphumi pagalasi n'kuyamba kuloza: msewu wa tala pa Nathenje ndi maminibasi ake, madimba a m'dambo, tchalitchi chathu, kenaka denga lawo likung'anima pakati pa nyumba zaudzu.

"Kodi mudzi wonse umene unandisowetsa tulo ndi kameneka?" anafunsa. "Kochepa chonchi?"

Nditapendeketsa ndege kuti aone bwino, kamphepo kanatigwedeza. Pamenepo m'makutu mwathu munalowa kunong'ona, mawu onjenjemera koma omveka ngati munthu ali m'mutu mwako.

"Ambuye, nditsitseni wamoyo. Mayi uyu ndinamulakwira. Umboni ndinalibe, ndinangomva za pamsika. Malata aja anandiwawa, Ambuye, poti nyumba yanga ikudontha. Mukanditsitsa ndikakonza."

Ndinacheuka. AKachingwe anali atatsinzina, manja atagwira mpando wa mayi, akukhulupirira kuti phokoso la injini lawabisa. Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Mayi anadikira mpaka atanena ameni.

"Tamva, abambo," anatero modekha. "Ambuye amva, ifenso tamva. Lachinayi ndivala."

Titatera, nthungululu zinamveka mpaka kumidzi ya kutsidya. Anyamata anandinyamula m'mwamba, aKamwendo akufuula kuti iwo ananena kale, anthu ndiwo samva. AKachingwe anatsika, nagwira udzu ndi manja onse awiri, kenaka anaimirira n'kukonza jekete. Ndiwayamikire pamenepa: sanadikire Lamulungu. Ananena pomwepo, pamaso pa onse, kuti mwana wa aNambewe amayendetsa ndege ya injini, ya mafuta, ndipo mpingo unawalakwira mayi ake. Za malata sanatchule, ifenso sitinatchule.

Lachinayi lotsatira ndinaima panja pa tchalitchi kumvera mayi akuyambitsa nyimbo. Mawu awo anali atachita dzimbiri pang'ono, koma anzawo anawalandira mwamphamvu moti ndinalira osabisa.

Ndinamubweza Chandevu kwawo ndipo ndinamuyendetsa mpaka pamene anamwalira, ana ake n'kugulitsa ndege ija. Pano ndinabwerera, ndili ndi chigayo pa Nathenje. Laisensi yanga ndi ya munthu woyenda zake, siilola kulipiritsa anthu, choncho ndimauluka mwa apo ndi apo, mnzanga wina wa ku Lilongwe akandibwereka yake ine n'kuthira mafuta. Mudzi womwe unkathawa pakhomo pathu tsopano umanditumizira ana kuti ndiwauze za sukulu. Ndimawauza, koma mawu ndimasankha.

Tsiku la ndege lija, anthu atabalalika, ine ndi mayi tinayenda wapansi kupita kunyumba. Ndinali wodzitukumula, ndikufuna kumva akundiyamikira.

"Amayi, inu munadziwa bwanji kuti zonsezo zinali zabodza?"

Anaima, nandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana.

"Wakuuza ndani kuti ndinkadziwa? Ine ndege ndinali nditaikwerapo? Masiku ena ndinkakhulupirira ndithu kuti mwana wanga wakhwima, ndipo ndinkalira. Koma iwo anati ndikukane. Mwana sakanidwa, Lameki. Ukanatera pa lichero pakhomo panga, madzi osamba ndikanakutelekerabe."